Mkanjo Kuseri kwa Chitseko

Mkanjo wanu wakuda ukadali pamsomali paja, a Mitawa,
kuseri kwa chitseko, pomwe munaukoleka
usiku umene wailesi inatchula dzina lanu.
Chinyezi cha kuno ku Zomba mukuchidziwa:
m'mapewa mwayamba kumera nguwi.
Ndimaupukuta Lolemba lililonse.

Zaka khumi ndi zinayi ndinakunyamulirani mafayilo
kukwera mtunda wa kukhoti,
inu patsogolo, nsapato zili kho kho kho,
ine pambuyo, wefuwefu.
Ndinakuonani mukumutulutsa thukuta wapolisi wa ku Jali
ndi funso limodzi lokha:
"Mbuziyo munaiona ndi maso anu?"
Ena ankakulipirani ndi matemba a ku Kachulu,
wina anabweretsa tambala wa diso limodzi,
ndipo ine ndinalemba m'buku: walipira.

Pochokera kundende yaikulu tsiku lina
munaima pamlatho wa Likangala osalankhula.
Tinali titasiya Che Jafali m'kati,
zaka zitatu pa limandi, mlandu osazengedwa,
fayilo yawo akuti inasochera.
Kenaka munati,
"Ndatopa kutunga madzi akuda kumunsi kuno.
Ndikupita komwe amawavundulirako."

Ndiye munapitadi.
Nkhope yanu tinaimata pamitengo ya ku Chinamwali,
pansalu, pamabokosi a machesi.
Mawu anu anasasa pamsika wa Thondwe.
Anthu anavota, ine ndinavota,
inki inakhala pachala changa sabata ziwiri.

Tsopano ndimakumverani pawailesi ya mu ofesi.
Kukhoti munkalankhula maola atatu,
woweruza akulemba mpaka dzanja kutopa.
Uko akupatsani mphindi zitatu,
ndipo imodzi imathera m'phokoso la ogogoda matebulo.
Bilu yanu ija ya anthu oiwalika pa limandi,
imene tinaitaipa usiku magetsi atazima,
akuti ili m'komiti.
Komitiyo sindikuidziwa, a Mitawa,
koma ndikuganiza kuti ndi komwe kunapita fayilo ya Che Jafali.

Pakhomo pano anthu sanasiye kubwera,
chasintha ndi chomwe akufuna.
Kale ankati, tithandizeni mlandu.
Lero akuti bokosi la maliro,
fizi ya mwana, malata a tchalitchi,
mjigo wafa ku Sadzi,
mpira ndi yunifolomu za anyamata a ku Matawale.
Ndimalemba zonse m'buku lomwe lija la tambala.
Palibe wafunsapo za lamulo,
kupatula mmodzi.

Abiti Saidi amabwera Lachinayi,
pochokera kukapereka chakudya kwa amuna awo.
Sapempha kanthu.
Amangosuzumira kuseri kwa chitseko,
kuona ngati mkanjo ulipo,
n'kunena kuti, "Basi, abwera."

Mwezi watha munabweradi,
Loweruka madzulo, mutachokera kumaliro atatu,
nsalu ya chipani ili m'chiuno, fumbi mpaka m'nsidze.
Galimoto munaiimika kutali, kuopa kuonedwa.
Munakhala pampando wanu wakale, unalira monga kale.
Munavula nsapato.
"Aulemu," ndinatero.
"Usanditchule choncho muno," munayankha.

Munaitanitsa tiyi wopanda mkaka
ndi chikalata cha Che Jafali, kope lathu lija.
Munawerenga mpaka nkhungu inatsika paphiri
n'kuphimba denga la nyumba ya malamulo yakale.
Pensulo inali kukhutu, monga kale,
ndipo pa tsamba lachisanu munalemba chizindikiro.
Lamya inalira kasanu ndi kawiri.
Kachisanu ndi chitatu munaiyankha:
"Inde bwana, Lolemba ndikhala ndafika."

Potuluka munaukhudza mkanjo uja ndi zala ziwiri,
ngati mayi woyesa kutentha kwa mwana ali m'tulo.
Simunautenge.
Simunandiuzenso kuti ndiuchotse.

Chikalatacho chili patebulo, chotsegula pa tsamba lachisanu.
Sindinachisunthe.
Lachinayi ndi mawa.